Madzi a Mneneri ndi Mankhwala a Amayi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli ndi mphamvu, inuyo, alamu ndi ana. Kodi bondo la alamu lija linasiya kutupa? Ine kuno thupi lilibe vuto, koma mtima ndiwo sukukhala m'malo chimvereni mawu amene munanditumizira pafoni aja. Ndikakuimbirani, amayi amakhala ali pompo, ndiye mumangondiuza za mvula ndi za nkhuku. Ndaona kuti ndingolemba, muwerenge muli panokha.

Ndikulemba nthawi ya nkhomaliro, chiimirire, pepala lili pamwamba pa mulu wa makatoni. Mukaona mizere yokhota musadabwe. Masiku ano kukhala pansi kukundikanika.

Kuno kwatentha ndi kampeni. Kuntchito kwathu makina osindikizira sakupuma, ndipo inki yandilowa m'zikhadabo moti sopo wagonja. Tikupanga zikwangwani, malaya ndi timapepala togawa mumsewu. M'dera lathu lino akulimbirana ukhansala ndi anthu awiri, wina wamalonda a matayala, wina anali mphunzitsi wamkulu. Onse anabweretsa ntchito kwa ife, ndipo aliyense analembetsa pansi pa nkhope yake kuti ndi wosankhidwa ndi Mulungu. Ndinawasindikiza pa makina amodzimodzi, ndi inki yomweyo. Ndinafunsa abwana kuti poti Mulungu wasankha kale, ndipo wasankha onse awiri, ife tikapsereranji ndi dzuwa pamzere. Anzanga anaseka. Abwana sanaseke, paja ndi mkulu wa mpingo.

Maganizo anga mukuwadziwa, achemwali, sindinakubisirenipo. Ndinasiya kukhulupirira kalekale, koma sindinagogodepo pakhomo pa munthu kuti nayenso asiye. Changa n'chakuti khansala ndi wantchito wathu. Ngalande ya mumsewu umene ndimakhala inatsekeka, ndipo mvula ikagwa madzi akuda amalowa mpaka m'makhonde. Munthu amene tamusankha ife tikhoza kukamufunsa za ngalandeyo. Nanga akati anaikidwa ndi kumwamba, dandaulo tikatula kwa yani? Wofunsa amasanduka wolimbana ndi Mulungu. Chonsecho fungo lake limatipeza tonse mofanana, wopemphera Lachisanu, wa Loweruka, wa Lamulungu, ndi ine ndemwe wosapempherane.

Tsono imvani zimene zandigwera. Sabata yatha kunabwera mneneri amene amayenda ndi wamatayala uja m'misonkhano, atatchena suti yoyera, mafuta onunkhira akumveka mpaka kumakina. Ankafuna timapepala tomata pa mabotolo a madzi oti akagawe pa msonkhano waukulu. Mbali ina nkhope ya wamatayala, mbali ina mawu akuti madziwo amachiza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Pansi pake panali mzere wakuti amene wamwa ndi chikhulupiriro asiye mapiritsi. N'kuti m'mawa womwewo ndili nditangomvera mawu anu, akuti amayi anasonkhanitsa mankhwala awo n'kukawasiya kwa abusa atsopano aja, ati anachira.

Ndinawerenga mzerewo, n'kuzimitsa makina. Ndinauza abwana kuti nkhope ndisindikiza, vesi ndisindikiza, ngakhale dzina la mneneri ndiliika m'zilembo zikuluzikulu, koma mzere umenewo udutsa m'manja a wina, osati anga. Anandikokera mu ofesi n'kunena kuti ife ndife osindikiza, si madokotala, ndipo za m'botolo sizitikhudza. Mneneri anamva phokosolo, analowa osagogoda, n'kundifunsa kuti ndimapemphera kuti. Ndinamuyankha kuti sindipemphera. Anzanga anali atadzaza kale pakhomo.

Mneneriyo anagwedeza mutu, amvekere nkhani yonse waimvetsa tsopano, mwa ine muli mzimu wotseka madalitso a anthu. Ine sindinakwiye. Ndinamupempha kuti asankhe yekha odwala ake, tipite nawo kuchipatala akayezedwe asanamwe madziwo, akayezedwenso atamwa. Ndinati shuga akakatsikadi, ndidzasindikiza mzerewo ndikuimba, ndipo botolo loyamba ndidzatumiza kwa amayi anga.

“Mulungu sayesedwa,” anatero.

“Sindikuyesa Mulungu, bambo. Ndikuyesa madzi.”

Mawu amenewo ndi amene andiika pa makatoni pano. Abwana anandichotsa pa makina tsiku lomwelo. Tsopano ndimadula mapepala ndi kusenza katundu kupita naye kwa makasitomala, ndipo phewa lakumanja layamba kudandaula. Abwana anati chisankho chikatha tidzakambirana za tsogolo langa. Inu ndi ine tikudziwa kuti mawu otere satanthauza kukwezedwa. Anzanga ena sadyanso nane. Wina anachotsa kapu yake pashelefu kuti isagundane ndi yanga, ngati kusakhulupirira kumapatsirana ngati chimfine. Nkhaniyi yafikanso kwa eni nyumba. Kale tikakumana pampopi ankandifunsa za kwathu, pano moni amayankha akuyang'ana ndowa.

Koma pali chimene chinandidabwitsa. Tili ndi mayi wina wa pakompyuta, amene amakonza zithunzi ndi mawu tisanasindikize. Ndi woimba kwaya, ndipo chiyambire ntchito sanalekepo kundilalikira. Ndinkati ameneyu ndiye ayambe kutola mwala. M'malo mwake, mawa lake analowa kwa abwana n'kuwauza kuti mzerewo waufufuta ndipo saulembanso. Anati bambo ake aang'ono anataya mapiritsi mwa njira yomweyo, ndipo anawapeza atagwa kubafa, pakamwa patakhota, osadzalankhulanso mpaka kumwalira. Mayiyo anauzanso abwana kuti akamukakamiza, nkhaniyi akaitula kwa akuluakulu a mpingo, poti amapemphera kumodzi. Abwana anagonja.

Nditapita kukamuthokoza, sanafune n'komwe kuti ndimalize.

“Musaganize kuti ndili mbali yanu, achimwene,” anatero. “Ine ndikukupemphererani mpaka mudzagwade. Koma Mulungu wanga safuna mavoti, ndipo sanauzepo munthu kuti ataye mankhwala.”

Kwa nthawi yoyamba ndinamusiya kuti andilalikire mpaka kumaliza.

Timapepala tija tinatuluka ndi nkhope ndi vesi basi. Koma musaganize kuti ndinapambana. Tsiku la msonkhano ndinadutsa pabwalopo nditasenza makatoni, ndipo ndinamva ndi makutu anga mneneri akunena mawu omwe aja pa chimkuzamawu, wamatayala ali pambali pake akuwomba m'manja. Anthu anali pamzere wautali. Ambiri anali amayi achikulire, ena atatsamira ndodo, akulandira botolo ndi manja awiri. Mmodzi anamanga mpango wake ndendende mmene amamangira amayi athu. Ndinatula katundu pansi, ndinaima, ndinayenda pang'ono, n'kubwereranso. Ndinkafuna kumugwira dzanja n'kumufunsa ngati mankhwala ake akadali nawo, koma ndikanayambira pati, munthu wachilendo wa inki m'manja? Chichokereni pamenepo ndikaweruka sindilunjika kunyumba. Ndimangozungulira m'misewu mpaka miyendo itatopa.

Tsono pempho langa ndi limodzi, achemwali. Atengeni amayi mupite nawo kuchipatala sabata ino, akawayeze magazi ndi kuwapatsanso mankhwala awo. Mutu ndi chizungulire zimene munati zikuwavuta zija si kutopa ayi. Musadikire kuti alamu apeze mpata kapena kuti mvula ikate, paja pakadafunda padajiwitsa.

Musawauze kuti ndakutumani ndine. Akangomva dzina langa adzati ndi kusakhulupirira kwanga kukulankhula, ndipo adzaumirira kuti andionetse mphamvu ya pemphero. Musalimbane nawonso za abusawo, chifukwa mukanyoza abusa, iwo adzaona ngati mwanyoza Mulungu. Pitani kaye kwa azakhali. Amakhala benchi limodzi ndi amayi kutchalitchi, amaimba nyimbo imodzi, koma azakhali mapiritsi awo a shuga saphonya. Mawu awo amayi adzawamva kuposa anga ndi anu.

Ndikudziwa kuti inunso mumapemphera, ndipo mwina pena m'kalata muno ndakulasani. Pepani. Sindikukupemphani kuti musiye kalikonse. Mukhoza kupemphera popita, kupemphera pamzere wa kuchipatala, kupempheranso pobwerera, bola nesi awamange pamkono chija choyezera kuthamanga kwa magazi n'kuwerenga.

Ndikanabwera ndekha, koma ndikachoka pano ndiye kuti abwana ndawapatsa chifukwa chimene akuchisaka. Komabe mukaona kuti amayi akana, kapena lilime layamba kulemera, kapena dzanja lachita dzanzi, thamangani nawo kuchipatala ndipo mundiimbire nthawi yomweyo, ngakhale iwo ali pompo. Ndidzasiya makatoni pamsewu n'kukwera basi. Ntchito ndidzapeza ina.

Belu lalira, ndiyenera kukasenza zikwangwani za mphunzitsi wamkulu uja, nayenso wosankhidwa. Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti bondolo asamangolithira mafuta, akalionetse. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, kwa msuweni wathu wa kusitolo, ndi kwa ana onse. Mphwanga, mwana wanu wamkuluyo, mumuuze kuti asatope kufunsa aphunzitsi ake mafunso, ngakhale atamutcha wovuta.

Amayi muwauze kuti ndili bwino ndipo ndikudya. Munati amanditchula m'pemphero m'mawa uliwonse, kuti mwana wawo wotayika abwerere. Asasiye. Ine sindikhulupirira kuti kuli amene akumva, koma ndikufuna mawu awo azimveka m'nyumbamo kwa zaka zambiri, akundidandaulira choncho.

Ndine mlongo wanu,
uja mumati Mafunso