Ndatseketsa zibowo za kakompyuta ka mwana

Bambo ake,

Musandidikire, ndapita kukasaka mwana wanu. Ndaphika zosapsa lero.

Mukukadziwa kakompyuta kake kaja kangati sopo wosambira, ka zingwezingwe patebulo la kuchipinda? Dzulo ndinamumva akuuza mnzake pafoni kuti n'kofooka, kali ndi zibowo, wakuba aliyense angalowemo. Mtima unandiwawa, ndimati amugulitsa chowola mwana wanga. M'mawa atangotuluka ndakanyamula mpaka kwa wokonza mafoni wa pakona uja. Mtengo ndamunenerera mpaka thukuta kamukamu, iye wafufuta zonse n'kuikamo zatsopano. Akuti tsopano ngakhale mfiti singalowe.

Ndabwera ndikunyada, ndampeza atabwerako n'kumuuza, mwana kungogwira kumutu. Akuti, "Amayi, zibowozo ndinaziika dala! Ndimaphunzirirapo kuthyola kuti ndidziwe kuteteza makompyuta a anthu. Mawa ndimakaonetsa kwa ofuna kundilemba ntchito aja." Sanalire, sananditukwane. Wangotenga chikwama n'kutuluka, foni wathimitsa. Bola akanandilalatira.

Mukafika thamangani nako kwa wokonzayo asanatseke, mukamupemphe akabwezere kufooka kwake. Ndikudziwa, zofufutidwa sizibwerera, koma kayeseni inuyo, ine ndamunyoza kwambiri ponenerera mtengo paja, sangandimvere. Kali pamwamba pa firiji.

Ine moyo wanga wonse chibowo ndikachiona ndimasoka. Ndani akanandiuza kuti zina n'zodyetsa munthu?

Pepani. Akafika ndisanabwere musandiikire kumbuyo, ndalakwa ndine. Chitseko ndasiya chosakhoma, makiyi ake waiwala pampando. Wakuba akafuna alowe, bola mwana wanga naye alowe.

Amake mwana