Magolo Athu Ali ku Kande

Lolemba, 3 Novembala

Iwe amene watsegula kope la mwini wake, popeza wayamba kale, tandiyankha. Anthu akwereranji ndege kuchoka ku Australia kudzasewera pa bwalo lathu la mchenga, pamene kwawo kuli mabwalo a kapinga? Ngati ukudziwa, ubwere ku shedi kwanga kuseri kwa msika udzandiuze. Ngati ndiwe Lettie mkazi wanga, tseka, undifunse pakamwa.

Howard, uja amagwira ntchito pa loji ina ku Kande, wandipeza m'mawa ndikuwotcherera geti la munthu. "Ada Golden, mwayi wagwa." Akuti matimu awiri a ragibi ligi akubwera kudzasewera kuno Loweruka. Eni masewerawo amatengera gemu imodzi kunja chaka chilichonse kuti apeze anthu atsopano owakonda. Ndamufunsa, akalewo atha? Akuti ayi, alipo ambirimbiri. Nanga? Akuti ndi nkhani ya msika. Sindinamve.

Wandionetsa pa foni. Mpira wake ngati papaya. Munthu akufuna kupita kutsogolo koma akuponyera mnzake wa kumbuyo. Amugwetsa anthu atatu, adzuka, osakwiya. Kuno ukagwetsa munthu chonchi nkhani imakathera ku polisi.

Ntchito yanga ndi magolo awo, ataliatali, opapatiza, ngati chilembo H. Mapaipi atsopano sangafike msanga, ndiye akuti ndidule magolo a Mwera Stars, timu yathu ya mpira wa miyendo. Magolo amene ndinawotcherera ndekha ndi mapaipi akale a mjigo, popanda wondiphunzitsa. Ndamuuza kuti akadule agogo ake.

Madzulo wabweranso, watenga Weston, kochi wa timuyo. Akuti alendowo atisiyira magolo atsopano a aluminiyamu, ndi ukonde weniweni, osati zidutswa za chilimira cha asodzi zimene timamanga ife. Ndakumbutsa Weston kuti pa 15 tili ndi semifainolo ndi a ku Tukombo, yoyamba kuchitikira pakhomo chiyambire timuyi. Iye maso ali pa chithunzi cha ukonde. "Dulani, ada. Atsopano akubwera."

Lachiwiri, 4 Novembala

Ndadula. Magetsi anabwera masana, ndiye ndagwira dzuwa lili paliwombo. Gilayinda yaluma chitsulo chopingasa mpaka chaduka. Zidutswa zake ndakwezera miyendo, pamwamba ndalumikiza mitengo ya bulugama.

Mayi wogulitsa mandasi pa bwalo wafunsa ngati goloboyi azidzakwera pa makwerero. Goloboyi wathu yemwe, ataona kupapatiza kwake, akuti, "Ada, muwasiye chonchi mpaka a Tukombo abwere." Ndaseka, ngakhale sindimafuna.

Lachitatu, 5 Novembala

Penti yoyera yauma bwino. Magolo ayimirira mowongoka, amenewo nde ayi sindinganame.

Kenako Howard. Gemu yasintha, si Lowerukanso, ndi Lamulungu 10 koloko m'mawa. Chifukwa? Nthawi imeneyo kwawo kumakhala 7 koloko madzulo, anthu adya, akhala pa TV.

Ndamufunsa, kodi Howard, anthu atsopano aja ndi ati? Ife kapena a pa TV? Akuti onse. Ndati a pa TV ndi akale, munanena nokha. Akuti inde, koma akalewo akufuna kuona atsopano akuonera. Ndiye ife tikaonere mpira, iwo azitionera ifeyo tikuonera? Akuti, "Ada, zimenezo ndi za akuluakulu."

Lamulungu lino kuli Mgonero. Howard anabatizidwa ku Bandawe, akudziwa. Eni masewerawo sanawauze. Akuti anachita manyazi.

Lachinayi, 6 Novembala

Kwabwera mayi wa ku Lilongwe, dzina Vanessa, woyimira eni masewerawo. Nsapato zake zimamira mumchenga. Wayamikira magolo, yewo. Kenako wapempha kuonana ndi ada Wallace, mkulu wa mpingo wathu, kuwafunsa ngati mapemphero angathe 9 koloko, kapena achitike masana. Ada Wallace anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. "Amama, kapempheni eni ake a tsikulo. Ine ndine wantchito chabe." Basi anakwera njinga.

Vanessa ananditembenukira ine. Akufuna khamu kuseri kwa golo, kamera ikalione. Kubwera anthu angati? Ine sindidziwa kukulunga mawu. Ndamuuza kuti opemphera adzakhala m'tchalitchi, asodzi adzakhala ali mtulo chifukwa amakhala atachezera panyanja, otsala ndi mbuzi za a Longwe ndi zidakwa ziwiri zimene zimagona pansi pa mango. Ndati bwezerani Loweruka, bwaloli lidzadzaza mpaka mumsewu. Akuti Loweruka TV ya kwawo ili ndi zina. Ndati ndiye kaseweretseni kwanu komweko, mukutivutitsiranji?

Howard amandiponda phazi. Vanessa anangoti "chabwino" n'kulowa m'galimoto akuyimba foni.

Kunyumba Lettie wasita kale zoyera zake za Umanyano wa amayi a mpingo, ndi shati langa. Akuti, "Mpira wa papayawo ukauonere kumwamba."

Lachisanu, 7 Novembala

Howard sakuyankha foni. Zii.

Loweruka, 8 Novembala

Mabowo anayi. Ndi zimene zatsala pa bwalo.

Mayi wa mandasi anaona zonse. Lole inabwera m'mamawa ndi anyamata a ku loji, anakumba, kuzula, kukweza. Iye anaganiza kuti ndawatuma ine, mpaka anawagulitsa mandasi. Gemu akuti yapita ku Kande, pa mchenga wa loji ya Howard, kumbuyo kukuoneka nyanja.

Weston wabwera ku shedi akutuluka thukuta. "Ada, magolo ali kuti?" Ndati ufunse ukonde wako weniweni uja. Tinakalipirana mpaka anthu a m'maokala anasiya malonda. Pomaliza wati Lolemba magolo atsopano afika, tisadandaule. Amanena akuyang'ana pansi.

Lamulungu, 9 Novembala

Ndadya Mgonero mtima uli ku Kande. Ambuye andikhululukire. Titatuluka ndakwera minibasi ndi shati la kutchalitchi lomwelo.

Ndafika gemu itatha kale. Mlonda pa geti akuti olowa ndi okhawo ali ndi kalamba ka pepala pa mkono. Ndamuuza kuti zitsulo zili mkatimo ndinawotcherera ine. Akuti, "Zabwino kwambiri, ada, koma kalamba." Pamwamba pa mpanda wa bango ndimaona nsonga za bulugama wanga, zoyera, atamangapo timbendera.

Panjira ndakumana ndi Hannah, msuweni wa Lettie, amene amaphika pa lojipo. Wavala malaya ofiira amene anawagawira. Akuti antchito onse, ophika, ochapa, osesa, ndi azungu ogona pamenepo, anawaunjika kuseri kwa golo limodzi. Osewera akathamangira mbali inayo, iwonso amawathamangitsa kukaima kuseri kwa linalo. Panali mnyamata wa kamera amene amakweza dzanja ikafika nthawi yokuwa. Ndamufunsa, wawina ndani? Akuti sakudziwa, koma panali mmodzi wamkulu ngati kabati amene anadya nkhuku yathunthu yekha.

Wandionetsa kavidiyo kamene kakuzungulira pa foni. Khamu likuoneka lalikulu zedi. Hannah ali kutsogolo akudumpha. Wolengeza akuti, malinga ndi Hannah amene amamva Chingerezi kuposa ine, Malawi yense wagwa m'chikondi ndi ragibi.

Ndiye zatheka kapena zalephereka? Sindikudziwa. Mwina ndine ndekha wosamva.

Lolemba, 10 Novembala

Howard wayankha. Alendo ananyamuka m'mawa. Magolo a aluminiyamu? Ali m'sitima, afika ku Beira mwina Januwale. Ndati Lolemba lija linali la Januwale? Akuti iyenso wadabwa.

Ndati chabwino, bwezani athu, ndiwalumikize. Wayamba kutsokomola. Akuti anawathira simenti kuti asagwere osewera, ndipo bwana wa loji wawakonda, alendo ena a pa lojipo akujambulitsa pamenepo. Wina akufuna kudzamangirapo ukwati. Ndafunsa ngati ragibiyo ibweranso chaka chamawa. Akuti ayi, chaka chamawa akupita dziko lina, kukapeza anthu atsopano.

Nanga ife tatha kale utsopano? Sabata imodzi?

Lachiwiri, 11 Novembala

Anyamata azika nsungwi m'mabowo muja kuti azichitira masewera okonzekera. Mpira woyamba kumenya pamwamba, golo lonse lagwera goloboyi.

Lachitatu, 12 Novembala

Mlembi wa ligi wauza Weston kuti abwera Lachisanu madzulo kudzaona bwalo. Akapeza nsungwi, gemu ipita ku Tukombo. Kumeneko sitinawinepo, ndipo theka la anyamata athu sangasiye mabwato tsiku lonse kuti apite.

Weston akuti ndikanapanda kumuyankha Vanessa mwa mbuzi muja, gemu ikanachitikira pano ndipo magolo akanakhala pano. Ndati ndikananama? Akuti anthu onse amanama pang'ono, ada, ndi ulemu umenewo. Ndinatola nyundo, ndinaibwezanso pa tebulo.

Koma zandikhala m'mutu. Anati dulani ndi iyeyo. Anabisa za Mgonero ndi Howard. Anasintha tsiku ndi anthu amene sindinawaone ndi maso. Ine ndinangonena zoona ndi kugwira gilayinda. Nanga n'chifukwa chiyani pa msika akuloza ine?

Lettie akuti, "Ukufufuza wolakwa, Lachisanu ndi mkuja. Zitsulozo zili ndi miyendo?"

Lachinayi, 13 Novembala

Ndikulemba nditakhala pa mwala, pa geti la loji. Tabwera pa lole ya mchenga ya mlamu wa Weston, timu yonse, ndi mapiki awiri, gilayinda, ndi jenereta yobwereka. Ada Wallace nawo akwera kutsogolo, avala jekete, akuti abwera kudzaonetsetsa kuti ndisamenye munthu. Weston wakhala pambali panga. Sitinapepesane, koma wandigawira chinangwa chake chootcha.

Mlonda ndi yemwe uja. Wayang'ana mikono yathu, wayang'ana mapiki, za kalamba sananene.

Howard watuluka, akuti bwana ali pa msonkhano, tibwere mawa. Ndamuuza modekha, mpaka ada Wallace anandiyang'ana modabwa. Mawa ndi tsiku lowotcherera. Kudula, kulumikiza chopingasa, kuzika, penti, zonse mlembi asanafike, ndipo magetsi ake ndi omwewa, ozimazima. Lero ndi tsiku lozula.

Bulugama ndi timbendera atsale nazo, akamangirepo ukwati wawo. Maenje a simenti tikwirira tokha. Koma mapaipi a mjigo aja ndi a Mwera Stars. Howard, lowa ukamudzutse bwana wakoyo pa msonkhano, atsegule geti ili, atipatse magolo athu lero.