Makoma a Pansi kwa Asibweni

3 Juni
Ndani analamula kuti khoma ntchito yake n'kutchinga mphepo basi? Ku yunivesite tinkawerengetsa mapilala ndi zitsulo, makoma osawatchula n'komwe. Onse amangovomera. Ine ayi.

Asibweni Gideon, alongo awo a amayi, akufuna kugumula makoma onse a pansi pa nyumba yawo yosanja kuno ku Katawa. Pakhale holo, ukwati wa mwana wawo Hilda uchitikire momwemo. Pamwamba timagona tonsefe.

5 Juni
Nkhungu mpaka masana. Mzuzu yense ngati akuyandama. Ndili pakhonde ndimaona mzinda wanga wam'mutu: khoma lililonse lovekedwa waya mbali zonse, pulasitala pamwamba, lolumikizidwa ku mapilala. Nthaka ikagwedezeka, nyumba zingowerama pang'ono ngati nsungwi, ana osadzuka. Ntchito sindinaipezebe, koma mzinda ndamanga kale.

6 Juni
Ndawaonetsa asibweni ndi katoni ya sopo. Yathunthu, kuikankha, njii. Ndadula mbali zake n'kusiya ngodya zokha, ndasanjikapo mabuku, ndakankha ndi chala. Khwefu. Asibweni aseka mpaka kutsokomola. "Yewo chomene, zikomo kwambiri, ainjiniya. Ndinakulipirirani fizi kuti muzing'amba makatoni?"

Amayi anditsina pamkono. Akuti wamkulu satsutsidwa m'nyumba mwake.

11 Juni
Hilda sakundiyankhula. Akuti ndi nsanje poti iye wapeza banja. Diresi lafika, n'lokongoladi.

Chivomezi cha ku Karonga chija, ndili mwana, makapu ankalira okha pashelefu. Masana ano ndinasinza pampando, ndawamvanso. Ndalota nyumba yathu itaima pa miyendo yoonda ngati kakowa, amayi ali pamwamba akusita, osadziwa kanthu.

Sindikupempha zambiri. Atsale makoma a m'ngodya ndi lapakati, tiwaveke waya. Ovina adzazungulira.

14 Juni
Amisiri afika m'mawa ndi mahamala. Asibweni apita ku Masasa kukatenga mipando, asiya mawu akuti ayambire lapakati. Lomwe lili pansi pa chipinda cha amayi.

Ndinaligwira. Lozizira, la chinyezi. Pakadali mizere ya pensulo pomwe ine ndi Hilda tinkayezerana msinkhu.

Mwina mawa ndigona kwina. Ndatenga mpando wa pulasitiki, ndautsamiritsa kukhomalo, ndakhalapo.