Dzina la Amayi m'Buku la Deliwe

Lolemba, 12 Meyi 2025

Deliwe wafika. Yemwe uja tinkakhala desiki imodzi ku sekondale, ankaonera masamu kwa ine. Lero akuchita digiri yachiwiri ya za kakhalidwe ka anthu, ine ndikadali ndi choko m'manja kuno ku Mwanza. Kafukufuku wake: anthu amene anathawa nkhondo ya ku Mozambique osabwereranso kwawo. Akufuna kucheza ndi amayi. Ndamuuza kuti akutaya nthawi. Ine mwana wawo weniweni, za nkhondo sanandiuzepo ngakhale kamodzi.

Lachinayi, 15 Meyi

Tsiku ndi tsiku ali pakhomo. Funso ngakhale limodzi ayi. Amangokhala pamphasa kuthothola mtedza ndi amayi, nkhani za mvula ndi mbuzi. Ndamuseka, ndati kodi digiriyo ndi ya mtedza? Akuti kudikira nakonso ndi ntchito, anachita kuphunzira m'kalasi. Ine ndikanatopa tsiku loyamba lomwe. Mtima umenewu ndilibe, ndipo ndikuusirira.

Lachiwiri, 20 Meyi

Amayi ayankhula. Ndinali kuseri kwa nyumba ndikuchonga mayeso, cholembera chinangoima. Ulendo wa m'thengo kuchokera cha ku Moatize. Njala. Mng'ono wawo Nilda, amene anasiyana naye pamtsinje, mpaka lero sadziwa ngati ali moyo. Ndiye ichi: Jane si dzina lawo. Analitenga nthawi imene anzawo ankabwerera kwawo, kuti azioneka a konkuno. Lenilenilo analinena motsitsa, sindinalimve, ndipo kufunsa ndikuopa.

Deliwe sanawadule, sanachite zodabwa. Ine kuseriko misozi ngati mwana.

Lachitatu, 21 Meyi

Zavuta. Lamulo la kafukufuku ndi loti m'buku limene adzalembe mayina amasinthidwa kuti anthu atetezeke. Deliwe atafotokoza, amayi anaimirira n'kukung'untha chitenje. "Ndabisala kokwanira. Nanga Nilda akadzamva za bukulo andidziwa bwanji?" Akuti dzina lawo lenileni, apo ayi nkhani yawo ichotsedwe yonse.

Pomuperekeza ndinamunong'oneza kuti angovomera, akasinthe kusukuluko, amayi sawerenga Chizungu. Diso limene anandiyang'ana nalo. Manyazi sanandichokebe.

Loweruka, 14 Juni

Zii kwa milungu ingapo, lero Deliwe waimba foni. Wakhala akupempha chilolezo cholemba dzina lenileni la amayi ku komiti ya ku yunivesite yoona kuti kafukufuku asapweteke anthu. Anzake apereka kale ntchito zawo, iye mwina digiri salandira chaka chino. Koma akuseka. Akuti chaka chimabweranso.

Wandiuzanso kuti ku yunivesiteko akulandira ofuna kuyamba masitazi, digiri yachiwiri ija, ena amathandizidwa fizi, ndiyesere. Ine? Ndinamudandaulira tsiku lina za ana anga a Fomu 3 amene amasiya sukulu kukasintha ndalama pa boda. Akuti ameneyo ndi kafukufuku kale, kungosowa womuchita. Zandikhala m'mutu. Koma ndi kupupuluma kwangaku, kaya.

Amayi amafunsa m'mawa uliwonse ngati mwana uja wayankha.

Loweruka, 5 Julaye

Komiti yalola. Deliwe wachita kubwera yekha, akuti nkhani yotere si ya pafoni. Asanalembe anawakumbutsa amayi bwinobwino: m'mudzi adziwa, kutchalitchi adziwa, ndipo Nilda mwina sadzamva n'komwe. Sanawanamize ngakhale pang'ono. Amayi anangoti alembe.

Potsanzika ananyonyomala n'kuti, "Tsalani bwino, mayi Natércia."

Amayi anayankha msanga, mawu ngati a mtsikana. Pa Jane sanayankhepo choncho.

Ndalibwereza mumtima tsiku lonse. Koma mwana satchula dzina la make, pakamwa panga silidzatuluka. Deliwe waliitana, anthu osawadziwa adzaliwerenga. Ine ndingolilemba muno, lonse, monga ndinalionera papepala la Deliwe.

Natércia Zaqueu. Amayi anga.