Chifuwa Chanucho Chiyambe Chatha

Amayi okondedwa,

Muli bwanji kumeneko, inu ndi chifuwa chanu chija mumati ndi fumbi chabe? Fumbilo ndinalimva pafoni, likulira ngati chigayo chokana kudzuka. Ife kuno tilipo, ndipo mpongozi wanu akuti moni.

Ndasankha kalata chifukwa pafoni simundipatsa mpata.

Mwezi wathawu mpongozi wanu anagwidwa ndi chimfine champhamvu, thupi lili moto. Anachira ndithu. Koma kusikelo namwino atayeza mimba anatitumiza kokaunika mwana m'mimbamo. Adokotala anati mtima wa mwana ukugunda bwino, kungoti thupi lachepa poyerekeza ndi miyezi yake.

Ine, ndi sukulu yonse munandilipirira ija, ndinafunsa ngati mwananso ankayetsemula m'mimbamo. Anaseka. Anati kachilomboko kawirikawiri sikamufikira mwana, chimavutika ndi nsengwa, imene iye amadyera ndi kupumira. Thupi la mayi likamalimbana ndi matenda nsengwayo imatupa, magazi amayenda movutika, chakudya n'kumafika chochepa. Anatinso mpongozi wanu akadwala kachiwiri, mwina adzachita kumutulutsa mwanayo masiku asanakwane. Pamenepo kuseka kunatha.

Ndikudziwa kuti katundu mwamanga kale, mukubwera kudzathandiza. Amayi, chonde musabwere kaye.

Mpongozi wanu sangakuuzeni zimenezi. Angakulandireni chikwama, n'kukhala nanu pafupi, kumapuma chifuwa chanucho mwaulemu wonse. Dzulo analira, akuti muganiza kuti sakukufunani. Chonsecho ndi yemweyo amene anathamangitsa mabuku anga m'chipinda chaching'ono chija, n'kupachika katani watsopano, akuti amayi sagona dzuwa likawalowera m'maso. Mabukuwo ali m'khonde, ine ndikudikira tsiku langa.

Pitani kuchipatala. Mankhwala mukamwe onse, osati theka n'kusungira aneba enawo. Tsiku limene mudzandikalipire pafoni mpaka kumaliza osatsokomola, ndidzabwera ndekha kudzakutengani.

Kachipewa mukuluka kaja, kachepetseniko pang'ono. Koma muyambenso kena kakakulu. Adokotala akuti tikamusamala mwanayo akhoza kukula bwinobwino, ndipo akatengera mutu wa bambo ake, ulusi wanuwo sukwana.

Mundiperekere moni kwa achemwali, muwauze kuti akuperekezeni kuchipatala, osati kokwerera basi. Mulungu akusungeni, mdzukulu wanuyu mudzamunyamule ndi manja anuwo.

Ndine mwana wanu,
Chimutu