Makapisozi a M'chikwama cha Amuna Anga

Aphungu,

Mundithandize, mtima wanga suli m'malo. Amuna anga ndi dalaivala wa thiraki. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, akamanyamuka ndimawalongedzera ndekha chikwama: sopo, thaulo, malaya, ndipo m'kathumba ka m'mbali makapisozi khumi. Amameza awiri asanadye chakudya cha m'mbali mwa msewu, kuti asatsegule m'mimba. Nzeruyi ndinabwera nayo ndine, ndipo ndinkadzitama nayo kwa amayi anzanga.

Mwezi watha anadwala chikhodzodzo, thupi kutentha mpaka kugonekedwa m'chipatala. Mankhwala awiri anakanika, anagwira ndi achitatu. Adokotala anati, "Tizilomboti tachokera m'matumbo mwawo, ndipo tazolowera mankhwala. Matendawa akadzabweranso tidzavutika."

Lolemba akubwerera pamsewu. Dzulo apeza kathumba kaja kali pululu, n'kundifunsa kuti, "Mayi a ana, mwasiya kundisamala?" Mawuwa andipweteka. Ndichite bwanji?

E. K., mkazi wa dalaivala

Mayi E. K.,

Musabweze kapisozi ngakhale mmodzi m'kathumbako. Anyinyirike bambowo, kunyinyirika sikugonetsa munthu m'chipatala.

M'matumbo mwa aliyense muli mabakiteriya ambirimbiri, ochuluka mwa iwo ndi otithandiza kugaya chakudya ndi kupanikiza oipa. Makapisozi amenewo ndi maantibayotiki, mankhwala opha mabakiteriya, ndipo sasankha. Awiri lero, awiri mawa, amapha ofooka ndi abwino omwe, n'kusiyira malo ankhutukumve kuti aswane. Kunena mosapsatira, zaka zonsezi munkachititsa tizilomboto masewero olimbitsa thupi. Koma musadzikhome nazo. Munalakwitsa pofuna zabwino, ndipo alipo ambiri akuchita zomwezo.

Pitani nawo kwa adokotala aja lisanafike Lolemba, akamve ndi makutu awo. Amuna ena mawu a mkazi amawayesa phokoso, koma a munthu wa jasi yoyera amawamvera mutu uli pansi. Pemphani kuti mankhwala amene anakanika alembedwe m'buku lawo la kuchipatala, ndipo bukulo liziyenda nawo.

Ndiye nkhani ya kudya. Ofufuza aona kuti anthu odya nyemba, masamba, zipatso ndi zakudya za gaga zosiyanasiyana amakonda kukhala ndi tizilombo tochepa tosamva mankhwala. Chakudya si mankhwala, koma chimadyetsa mabakiteriya abwino aja kuti abwerere. Nyama yokazinga ndi zakumwa za shuga tsiku ndi tsiku siziwathandiza. Pamsewupo azidya zotentha, azimwa madzi aukhondo, ndipo sopo uja azisambira m'manja, asamangodikira nthawi yosamba thupi lonse.

Chenjezo langa nali: akatentha thupi kapena kumva kuwotcha pokodza, aime pa chipatala choyandikira, osati pa okala. Kukayikira tsiku limodzi n'koopsa kwa munthu amene mankhwala awiri amukana kale.

Kathumbako musakasiye kopanda kanthu. Thiranimo mtedza, pamwamba ikanipo malalanje. Akakufunsaninso funso lija, ayang'aneni m'maso muwauze kuti, "Bambo a ana, ndikufuna muzibwerera kunyumba kuno mukuyenda nokha."

Phungu wanu