Mitsinje ya Panjira ya ku Kyoto

Amayi anga, kaya muli bwanji uko munapitako?

Ndine Dorika wanu. Ndikulemba ndili kuno ku Scarborough, mumzinda wa Toronto, pa tebulo la kukhitchini, mdzukulu wanu Tamanda ali kusukulu. Chipale chofewa cha nyengo yozizira chasungunuka tsopano, m'misewu muli matope okhaokha ngati pamsika wa ku Tsangano mvula ikagwa. Kalata ino ndaiyamba kawiri n'kung'amba. Ndili ndi mantha, amayi, ndipo palibe wina amene ndingamuuze mmene ndingakuuzireni inu.

Koma ndiyambe ndi zakumudzi, paja simunkafuna munthu wofika n'kuyamba ndi dandaulo asanapereke moni. Achimwene a Yohane alemba. Akuti kachewere wabereka bwino m'munda mwanu muja, chimanga ndiye chinagwa ndi mphepo chakumtunda. Alamu achira, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu, Esinati. Akuti akafuna kulira amakwinya pamphumi ngati inu mukamawerenga Baibulo magalasi mutaiwala. Denga la khitchini yanu linagwa ndipo mpaka lero sanalikonze, ndawakalipira kale. Kuno Tamanda mano awiri akutsogolo achoka. Ndikamufunsa m'Chichewa amandiyankha m'Chingerezi, koma mawu oti "ndakhuta" okha ndiye amawadziwa bwino pakakhala masamba. Mkamwini wanu akadali pa ntchito yoyang'anira malole ija ku Brampton.

Tsopano nkhani yanga. Paja ndinakulemberani muli moyo kuti ndinasiya mashifiti a kuchipatala n'kuyamba kusamalira agogo ena kunyumba kwawo. Dzina lawo ndi Mayi Hamada, kwawo ndi ku Japan, ndipo zaka zawo zapitirira makumi asanu ndi atatu. Anachoka kwawo ali mtsikana, kudzakwatiwa m'dziko lino ndi mwamuna amene anangomuona pachithunzi, ndipo chichokereni sanabwererekonso. Nthawi ya nkhondo, poti anali a ku Japan, analandidwa nyumba ndi boma la kuno n'kukatsekeredwa kumisasa ya kumapiri, nkhondo itatha ndiye anabwera ku Toronto kuno. Amuna awo anamwalira zaka zitatu zapitazo. Apa ndiye mugwire mtima, amayi: sanaikidwe m'manda. Anawatentha monga mwa mwambo wawo, phulusa ndi timafupa n'kuika m'kabokosi kokulungidwa ndi nsalu yoyera. Kabokosiko kali pashelefu pabalaza. M'mawa uliwonse agogowo amaikapo kambale ka mpunga ndi kapu ya tiyi, n'kumawauza amuna awo mmene kunja kwachera. Chaka choyamba ndinkapukuta fumbi nyumba yonse, koma shelefu imeneyo ndinkailambalala.

Itatha Khirisimasi anandiuza kuti akufuna kukaona mzinda wakwawo, dzina lake Kyoto, umene kale unali likulu la mafumu awo. Mwana wawo, a Kenji, amakhala ku Oakville m'mbali mwa nyanja. Iwo anavomera, koma anati sangasiye ntchito, ndiye woperekeza ndikhale ine. Ndinaseka poyamba. Ine Dorika, amene ulendo wa ku Balaka wokha ndinkasanza m'basi, ndipite ku Japan? Koma matikiti anagulidwa, hotela anabukitsa, ndipo ntchito yokonza kuti tidzaona chiyani tsiku liti inagwera ine.

Ndakhala ndikukabwereka mabuku ku laibulale, madzulo aliwonse n'kumayala mapu patebulo la agogowo. Iwo amaloza ndi chala, ine ndimalemba m'kope. Tsiku loyamba tidzangopuma. Lachiwiri tikaona kachisi wokutidwa ndi golide amene ali m'mbali mwa dziwe. Lachitatu akufuna kachisi wina womangidwa pamizati yamitengo, m'mbali mwa phiri, kumene akuti ankapita ndi amayi awo kukamwa madzi a pakasupe. Kulinso munda wina wotchuka kwambiri, ndipo mukanaseka, amayi: mulibe ngakhale nkhwani, muli miyala yokhayokha ndi timiyala tosalazidwa bwinobwino, anthu n'kumavula nsapato kukakhala pakhonde n'kumauyang'ana. Phiri la zipata zofiira zondondozana ndinalikana ine, ndinati kumeneko chikuku chimene ndimawakankhirapo akatopa sichingakwere. Anandinyanyalira tsiku lonse.

Anzanga akutchalitchi akumva kuti ndikupita kukaona malo akuti ndili ndi mwayi. Sakudziwa kuti ine pazithunzi zonsezo sindiona golide, ndimaona masitepe. Mtima wa agogowa ndi wotopa, dokotala ananena kalekale. Pa malo aliwonse ndalemba kuti pokhala pali pati, chimbudzi chili kuti, chipatala chapafupi ndi chiti. Zilembo zakumeneko sindingawerenge ngakhale chimodzi, zimaoneka ngati nkhuku yapalasa. Ndawapempha agogowo andiphunzitse mawu atatu okha, oti dokotala, oti thandizeni ndi oti zikomo, ndipo ndimawabwereza m'sitima yapansi pa nthaka popita kuntchito mpaka anthu amandicheukira.

Kenako tsiku lina agogowo anandiuza kuti kabokosi kaja tipita nako. Akuti amuna awo akagone kukachisi wa makolo awo, ndipo m'ndege kadzakhala pamiyendo, osati pamodzi ndi masutikesi. Manja awo alibe mphamvu, ndiye wonyamula ndi ine. Pakamwa panga panangotuluka nkhani ya abambo.

Mukukumbukira, amayi? Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene abambo anamwalirira kuchipatala ku Blantyre. Tinawatenga pa lole yobwereka, msewu wa fumbi wa ku Matope. Inu munakana kukhala kutsogolo. Munakhala kumbuyo pafupi ndi bokosi, dzanja lili pamwamba pake, ndipo pa mlatho uliwonse munkaweramira pansi n'kunena kuti, "Bambo a Yohane, tikuwoloka Lunzu. Musatsale." Nditakufunsani chifukwa chake munati, "Munthu sanyamulidwa ngati thumba la chimanga, Dorika. Uzimuuza kumene mukupita, angasochere." Ndinawafotokozera agogowo zimenezi m'Chingerezi changa chija, ndikuopa kuti andiseka.

Sanaseke. Anakoka mapu n'kundiuza kuti nditenge cholembera chofiira, tilembe mitsinje yonse. Kuno tikamapita kubwalo la ndege tidzawoloka Don, kenako Humber. Ndiye nyanja yaikulu ija yosaoneka tsidya. Kwawoko kuli mitsinje yambiri imene sitima idzadutsa, anandiuza mayina ena, ena aiwala. M'kati mwa Kyoto muli Kamo, chakumadzulo kuli Katsura. Titamaliza anandigwira pamkono n'kunena kuti, "Dorika, ukadzaona kuti inenso ndasiya kuyankha, usasiye. Uzindiuzabe." Anatero akumwetulira, ngati akundituma mkaka kusitolo.

Apo m'pamene maso anga anatseguka. Ndinakumbukira kuti maluwa awo a m'miphika anagawa onse kwa aneba. Polongedza sutikesi ndinapeza pansi penipeni chovala choyera chopindidwa bwino, chosokedwa pamanja, chimene sindinachionepo chiyambire. Nditafunsa anati n'chovala chomaliza. Ndipo Lachiwiri la sabata yomweyo anakomoka kubafa, ndinawawakha asanagunde mutu. Atatsitsimuka mawu oyamba anali oti ndisawauze a Kenji. Amayi, uwu si ulendo wokaona akachisi ayi. Agogowa akupita kwawo, ndipo mumtima mwawo tikiti yobwerera alibe nayo ntchito.

Ndinasowa mtendere masiku anayi. Ndikabisa, n'kukafera m'manja mwanga kudziko la eni, ndidzawauza chiyani a Kenji? Ndikaulula, ulendo watha, ndipo adzafera m'chipinda chomwechi, zenera lake loyang'ana poimika magalimoto. Koma inu munkati, "M'nyumba mwanga bodza siligona, likagone kwina." Lamlungu a Kenji atabwera ndinawauza zonse, amayi awo ali pomwepo akumva. Nkhope ya a Kenji inasintha, anati mawa lomwe akukansela matikiti. Agogowo sanalire, sanakalipe. Anangotembenukira kukhoma. Masiku atatu sanandilankhule, phala lochokera m'manja mwanga ankalikana, ndipo ngakhale mpunga wa pashelefu paja anasiya kuika.

Tsiku lachinayi ndinakwera sitima ya ku Oakville osauza munthu. M'njira monse ndinkadzifunsa kuti wantchito ngati ine ndikukalowerera bwanji za banja la eni, nanga akandichotsa ntchito? Miyendo inkafuna kubwerera pa siteshoni pomwepo. Ndiye ndinamva mawu anu aja: "Mantha ako uziyenda nawo, usamakhale nawo pansi." Ndinagogoda. A Kenji anandilandira pakhonde, ndipo ndinawauza za inu. Ndinawauza kuti telegalamu inandipeza mutaikidwa kale, ndiponso kuti ngakhale ikanafika msanga sindikanabwera, poti dzina la mkamwini wanu silikomera akuluakulu ena kumudziko, ndipo tinkaopa kuti tikatsika ndege sitidzakweranso. Ndinati ine ndinasankha kukhala bwino, ndipo zaka ziwiri zatha koma sindinakhalepo bwino. Ndinati amayi anu afa ndithu, kuno kapena uko, chimene mungasankhe inu ndi malo okha. Sindikudziwa kumene ndinatenga mawu otere, ine amene ndimachita manyazi kupempha mchere.

A Kenji anayang'ana kunyanja. Kenako anati matikiti anali asanakansele, dzanja linkawalemera. Anatenga amayi awo n'kupita nawo okha kwa dokotala, amene anawonjezera mankhwala n'kunena kuti sangalonjeze kanthu. A Kenji andilembera pepala m'zinenero ziwiri lonena kuti zonse akuzidziwa, ndipo andipatsa dzina la msuweni wawo amene adzatichingamire. A Kenjiwo akuti kumeneko iwo ndi alendo kuposa ine, chinenero anachitaya ali mwana kumisasa kuja, ndipo akuchita manyazi kukaonekera kwa abale. Ndinafuna kuwatsutsa koma ndinaona kuti ndalankhula zokwanira. Agogowo anadya mbale yonse ya phala tsiku limenelo, n'kundiuza kuti phiri la zipata zofiira libwerere m'kope.

Ndiye ndi zimenezo, amayi. Chimene ndinamenyera ndachipeza, ndipo tsopano ndi chimene chikundiopsa. Tinyamuka Lachinayi likubwerali. Ndikuopa ndege ya maola ambirimbiri pamwamba pa madzi. Ndikuopa kabokosi pamiyendo panga. Ndikuopa kuti adzagwa pamasitepe a kachisi wa paphiri uja, anthu n'kutizungulira, ine mawu atatu aja n'kundithawa. Ndikuopa m'mawa wina kuhotela kuwadzutsa iwo osadzuka, ine osadziwa kuti kwawoko maliro amasambitsidwa bwanji, amalira mokweza kapena chamumtima, chovala chija chimamangidwa chakumanja kapena chakumanzere. Tamanda wandifunsa ngati ndidzabwerere, ndamuuza kuti inde, ndipo ndamulonjeza chidole. Mkamwini wanu akungoti zonse zili m'manja mwa Mulungu, koma ndamuona akuyang'ana mapu aja pamene akuganiza kuti sindikumuona.

Pali chinthu chimodzi chimene ndasunga mpaka pano. Nditalemba mitsinje ya anthu a eni ija, ndinalembera achimwene kuwafunsa kuti pokutengani inu kuchipatala chomwe chija ku Blantyre, anakhala nanu kumbuyo ndani. M'kalata ya kachewere yomweyi ndi mmene ayankha. Akuti mvula inali yambiri, anakufunditsani lona, onse anapanikizana kutsogolo, ndipo dalaivala ankathamangira kuti Rivirivi asadzaze. Akuti za mitsinjezo anaiwala, ndi zachikale. Sindikuwaimba mlandu, anasenza okha zonse ine kulibe. Koma ndawerenga mzere umenewo kambirimbiri. Inu amene munauza abambo mlatho uliwonse, munayenda msewu wonse uja pansi pa lona popanda wokuuzani kanthu.

Abusa athu kuno angati mzimu wa Mkhristu susochera, ndipo ndikukhulupirira. Komabe sindingakwere ndege kukauza bambo wa eni mitsinje yakwawo inu ndisanakuuzeni yanu. Ndachedwa zaka ziwiri, mundikhululukire. Dzanja langa ndaika papepalali.

Amayi, dzukani, tikunyamuka pa Blantyre. Tikupita kwathu ku Tsangano. Uyu ndi Lunzu, tikuwoloka, musatsale. Uyu ndi Lirangwe. Apa ndi pa Matope, tikuwoloka Shire, ndi wamkulu koma musaope, ndili pompano. Uyu ndi Rivirivi, sanadzaze. Tadutsa pa boma pa Ntcheu, tayamba kukwera, mukumva kuzizira kwakwathu? Aka ndi kamtsinje kathu kamene munkachapako, mwala wanu uja ulipobe. Tafika, amayi. Tsikani.

Lachinayi mukhale nane pa mlatho wa Don, mundikumbutse mawu ndikachita chibwibwi. Ndikulonjeza kuti sindidumpha mtsinje ngakhale umodzi, kaya ondimvera adzakhala mmodzi kaya awiri.

Ndimakukondani kwambiri.

Ndine mwana wanu wamantha uja,
Dorika